Mboni Zambiri, Mlandu Umodzi: Za Kusefa ndi Kusankha Mafunde a Ubongo

[Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono]

WOWULUTSA: Takulandirani ku nthawi yathu ya zasayansi. Madzulo ano timva za ntchito ya anthu amene amayeza magetsi a mu ubongo, makamaka za mmene amasankhira pa kompyuta zoyenera kusunga ndi zoyenera kutaya. Mlendo wathu wakhala kale pampando. Bambo, bwalo ndi lanu.

WOKAMBA: 

M'chaka cha 1924, mu mzinda wa Jena ku Germany, sing'anga wina wa nthenda za maganizo, dzina lake Hans Berger, munthu wachete ndi wosakonda kudzionetsa, amene anali atatha zaka zambiri akufunafuna umboni wakuti maganizo a munthu amasiya chizindikiro m'thupi, anakhoza kulemba papepala timafunde ta magetsi tochokera mu ubongo wa munthu wamoyo. Koma pokhala iye wokayika ngakhale zimene maso ake omwe aona, anasunga nkhaniyo mumtima zaka zisanu, ndipo ngakhale ataisindikiza mu 1929, anzake ambiri anapukusa mitu, nati mwina zonsezo zinali zolakwa za makina ake, kufikira pamene Edgar Adrian ndi Bryan Matthews a ku Cambridge anabwereza ntchitoyo mu 1934 ndi kupeza kuti Berger sananame. Kuyeza kumeneku ndiko kumene lero kumadziwika m'zipatala ndi zilembo zitatu, EEG. Anthu aja amene anapukusa mitu tisawaseke, pakuti funso lawo, lakuti kodi mzere uwu wachokera mu ubongo kapena kwina, ndilo limene wophunzira aliyense wa ntchito imeneyi amadzuka nalo m'mawa uliwonse kufikira lero lino.

Chifukwa chake nchakuti magetsi amenewa ndi ochepa kosaneneka. Batire ya mutochi ili ndi mphamvu ya volt imodzi ndi theka. Mukagawa volt imodzi m'magawo 1,000,000, gawo limodzi mwa amenewo ndilo microvolt, ndipo timabatani tachitsulo timene amamata pakhungu la kumutu timamva mafunde a pakati pa ma microvolt 10 ndi 100. Tsono munthu akamva liwu kapena kuona chithunzi, yankho la ubongo wake pa chinthu chimodzicho nthawi zambiri silipitirira ma microvolt 5 kapena 10, ndipo limamira m'kati mwa zina zonse zimene ubongo uli kuchita pa nthawi yomweyo. Pakuti ubongo suima kuti utidikire, koma uli kukumbukira ngongole, kumva kuyabwa kwa phazi, ndi kulingalira za chakudya chamadzulo.

Amene anaonetsa njira yotulukira m'vuto limeneli ndi George Dawson wa ku London. Mu 1947 iye ankagwedeza mtsempha wa kumkono ndi magetsi pang'ono, kambirimbiri, najambula mizere yonse ya mayankho pa chithunzi chimodzi, wina pamwamba pa unzake. Ndipo pamene zina zonse zinali kupita uku ndi uko, panali malo amodzi pamene mizere yonse inapindikira pamodzi. Pofika 1954 anali atafotokoza makina ophatikiza mayankhowo ndi kupeza avereji yake. Taganizani za bwalo la milandu kwa mfumu, kumene kwabwera mboni zambiri, iliyonse ndi zoonjezera zake ndi zoiwala zake. Mfumu yanzeru, itamva onse, imaona kuti zonama za uyu sizigwirizana ndi zonama za uyo, kotero kuti zimafafanizana zokha, koma chimene chinachitikadi chimabwerera m'kamwa mwa aliyense. Masamu ake ali ndi nkhanza pang'ono: mboni 100 zimachepetsa phokoso kakhumi, ndipo kuti lichepe ka 20 pafunika mboni 400. Nchifukwa chake poyeza makutu a khanda ndi njira imeneyi amaliza timawu 1,000 kapena 2,000 asanakhulupirire chimene aona.

Koma kuti mboni ziphatikizidwe, ziyenera kunena za mphindi imodzimodzi, ndipo apa ndi pamene nkhani ya zizindikiro ilowera. Titenge chitsanzo chodziwika bwino m'nyumba zofufuzira. Munthu wakhala pampando, chisoti cha mawaya chili kumutu, mahedifoni ali m'makutu. Amva timawu 500, kamodzi pa sekondi ndi theka iliyonse. Mwa timeneti, 400 ndi totsika ndipo 100 ndi tokwera, tosakanizidwa mosadziwika, ndipo wauzidwa kuti akamva kokwera adine batani. Nthawi iliyonse liwu likalira, kompyuta yoliza imatumiza nambala kwa kompyuta yolemba: 1 pa liwu lotsika, 2 pa lokwera, 3 pa kudina kwa batani. Chizindikiro chotere akatswiri amachitcha event, ndipo sichinena zambiri koma ziwiri zokha, chimene chachitika ndi nthawi imene chachitikira. Ubongo ukamva liwu losowa lija, pakapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, pamatukuka funde pamwamba pa mutu chakumbuyo, limene Samuel Sutton ndi anzake a ku New York analifotokoza koyamba mu 1965, ndipo lero limatchedwa P300, potengera mamilisekondi 300 amenewo. Ndinene mwachidule kuti wofufuza wosamala sakhulupirira ngakhale nambala zimenezi asanaziyese, pakuti kompyuta ikhoza kunena kuti chithunzi chaoneka pamene galasi lake lichedwa mamilisekondi 20 kapena 30 kuchionetsa. Chotero amamata kachipangizo komva kuwala pangodya ya galasilo kuti kachitire umboni.

Zizindikiro zikakhala m'malo mwake, pulogalamu imadula mzere wautali uja, umene mwina unatenga mphindi 15 kulemba, m'tizidutswa tofanana kutalika, kalikonse kozungulira chizindikiro chake. Kachidutswa kotere ndiko epoch, ndiyo mboni imodzi ya m'bwalo lathu. Ambiri amayamba kudula mamilisekondi 200 liwu lisanalire ndi kumaliza mamilisekondi 800 litalira; ndipo kagawo kakutsogolo kaja sikangokhalapo chabe, koma ndiko poyambira muyeso, pakuti avereji yake imachotsedwa pa kachidutswa konse kuti tizidutswa tonse tiyambire pa mulingo umodzi. Oyeza tulo ali ndi mwambo wawo, wodula usiku wonse m'zigawo za masekondi 30, mwambo umene unakhazikika m'buku la malamulo la Rechtschaffen ndi Kales la 1968, ndipo gwero lake ndi pepala: makina akale ankayendetsa pepala mamilimita 10 pa sekondi, tsamba limodzi linali la masentimita 30, chotero tsamba linali theka la mphindi. Pepalalo linatha kalekale, koma muyeso wake ukulamulirabe makompyuta.

Mapulogalamu ochitira zimenezi alipo angapo, ndipo chokondweretsa kwa wophunzira wosauka nchakuti otchuka mwa iwo amaperekedwa ulere. EEGLAB, ya Arnaud Delorme ndi Scott Makeig a ku San Diego, inafotokozedwa mu 2004. FieldTrip inachokera ku Donders Institute mu mzinda wa Nijmegen ku Netherlands. Ndipo MNE-Python, imene inamera pa ntchito ya Matti Hämäläinen ku Boston nikula m'manja mwa Alexandre Gramfort ndi anzake ambiri, ili ndi ubwino wina wakuti siifuna pulogalamu ya MATLAB, imene ndi yogula. Onsewa amachita zimene mwawauza, mofulumira ndi mosadandaula, ngakhale mutawauza zopusa. Ndipo m'menemo ndimo muli ngozi.

Choyamba chimene munthu amawauza ndi kusefa. Mawaya a magetsi a m'khoma amalira ka 50 pa sekondi kuno kwathu ndi ku Ulaya, ndi ka 60 ku America, ndipo kulira kumeneku kumalowa m'makina. Minofu ya m'khosi ndi ya m'nsagwada imabweretsa timafunde tothamanga. Thukuta, makamaka m'miyezi yotentha, limayendetsa mzere wonse kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Tsono pali sefa yochotsa zothamanga, imene ambiri amaiika pa mafunde 30 kapena 40 pa sekondi, ndi sefa yochotsa zochedwa, imene anthu osamala amaiika pa 0.1, ndiko kuti funde limodzi pa masekondi khumi. Lamulo limene aphunzitsi onse a ntchitoyi amagwirizana nalo ndi ili, kuti musefe mzere ukadali wautali, ndipo mudule pambuyo. Pakuti sefa, kuti idziwe chochita pa mphindi ino, iyenera kuyang'ana zimene zinali kumbuyo ndi zimene zili kutsogolo, ndipo mukaipatsa kachidutswa ka sekondi imodzi nimuiuza kuti ichotse funde la masekondi khumi, ifika kumphepete, isowa choyang'ana, nipotoza mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo kagawo kaja kamene munati ndiko poyambira muyeso. Chimodzimodzinso pamene kulemba kunaimitsidwa kuti munthu apume, kapena pamene mwadula ndi dzanja chigawo choipa ndi kulumikiza zotsala: EEGLAB imaikapo chizindikiro cha malire, chotchedwa boundary, kuti sefa isawoloke pamenepo ngati palibe chinachitika. Wophunzira wokonda ukhondo amene aona zizindikiro zachilendozi m'ndandanda nazifufuta, poganiza kuti ndi zinyalala, wagwetsa mpanda umene unali kumtchinjiriza.

Pa sefa ya zochedwa ija ndifuna kuchedwapo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu ophunzira kwambiri anagwa. Munthu akaikweza kuchoka pa 0.1 kufika pa 1 kapena 2, mizere yake imaoneka yosalala ndi yokongola, yoyenera kuonetsa kumsonkhano. Koma akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1980 Marta Kutas ndi Steven Hillyard a ku San Diego anapeza kuti munthu akawerenga chiganizo chotha ndi liwu losayenera pamenepo, monga kunena kuti wina anapaka masokosi pa buledi, ubongo umayankha ndi funde lotchedwa N400. Ndipo pambuyo pake kunadziwikanso funde lina, lochedwerapo ndi lalitali, lotchedwa P600, limene limadza pamene chiganizo chaphwanya malamulo a chinenero. Tsono mu 2015 Darren Tanner, Kara Morgan-Short ndi Steven Luck anatenga zolembedwa zimene zinali ndi P600 yekha, nazisefa ndi masefa okwerakwera, ndipo anaonetsa kuti kuyambira pa 0.3 kupita m'mwamba, sefa inayamba kuchepetsa funde lenileni lija ndi kukumba dzenje patsogolo pake, pa nthawi yomwe N400 amayembekezeka. Kotero kuti wofufuza wosachenjera akadalengeza kuti ubongo wapunthwa pa tanthauzo, pamene unapunthwa pa galamala, ndipo dzenje lonselo linakumbidwa ndi masamu a sefa. Chodabwitsa china nchakuti masefa ambiri, poyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo komwe, akhoza kukokera chinthu m'mbuyo, nachionetsa chisanachitike. Ine ndimati munthu akapeza ubongo ukuyankha liwu lisanalire, asathamangire kuitana atolankhani. Ayambe wafunsa sefa yake.

Tibwere tsopano ku msampha umene umagwira pafupifupi aliyense woyamba, wa kusiyana pakati pa kusankha zizindikiro ndi kusankha tizidutswa. Tibwerere kwa munthu wathu uja wa timawu 500. Tiyerekeze kuti wophunzira wadula tizidutswa tatitali, kuyambira sekondi imodzi liwu lisanalire kufika masekondi awiri litalira, monga EEGLAB imayambira ngati simunasinthe kanthu. Popeza timawu tikulira pa sekondi ndi theka iliyonse, kachidutswa kalikonse kali ndi timawu tiwiri, kake kenikeni kamene kali pa ziro, ndi kotsatira kamene kali chakumapeto. Ndipo tina tilinso ndi chizindikiro cha batani. Wophunzira uja auza pulogalamu kuti, ndisungire tizidutswa tokhala ndi nambala 2. Iye ayembekeza 100, koma pulogalamu imupatsa pafupifupi 200, ndipo siinalakwe, pakuti yasunga 100 timene liwu lokwera lili pa ziro, pamodzi ndi tina timene pa ziro pali liwu lotsika koma lokwera lili kubwera pambuyo. Akapanda kuyang'ana chiwerengerocho naphatikiza tonse, theka la mboni zake likhala likunena za mlandu wina, funde lake la P300 litsika kufika pafupifupi theka la msinkhu wake, ndipo iye apita kukalemba kuti anthu amene anawayeza ali ndi ubongo wofooka. Mankhwala ake ndi apafupi: pofunsa nambala 2, anenenso kuti ikhale pa nthawi ya ziro. Palinso mabokosi awiri oyandikana, lina lofufuta zizindikiro zosasankhidwa ndi lina lofufuta tizidutswa tosasankhidwa. Wodina loyamba poganiza kuti wadina lachiwiri adzapeza tizidutswa take tonse tilipo, koma zizindikiro za batani zapita, ndipo sangathenso kulekanitsa pamene munthu anayankha bwino ndi pamene anaphonya. Madzi akatayika saoleka. Nchifukwa chake zolembedwa zoyambirira zimasungidwa padera, osakhudzidwa, ndipo ntchito yonse imachitikira pa kope. Ndipo ndisanachoke pamenepa, chizolowezi chimodzi chimene ndimachiyamikira koposa luso lililonse ndicho kuwerenga: munaliza timawu tokwera 100, kodi mwapeza zizindikiro 100, ndi tizidutswa 100?

Zikatha izi, pamatsala ntchito yochotsa mboni zoledzera. Diso la munthu lili ngati batire palokha, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake kuli ndi magetsi osiyana, kotero kuti kuphethira kamodzi kumaponya pamphumi ma microvolt 100 kapena 200, kuposa yankho limene tikufuna kakhumi kapena kuposerapo. Kumeza malovu, kukukuta mano, kugwedeza mutu, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Ndipo munthu akayamba kuwodzera, mafunde aja amene Berger anawatcha alpha, oyenda ka 8 kufika ka 13 pa sekondi, amasefukira kunkhongo. Njira yakale ndi yoika malire, kunena kuti kachidutswa kalikonse kopitirira ma microvolt 100 katayidwe. Njira yatsopano, yotchedwa ICA, imene Makeig ndi anzake anayamba kuigwiritsa ntchito pa EEG mu 1996, imalekanitsa ndi masamu gawo la diso ndi gawo la ubongo, nichotsa la diso lokha, kuti mboni isatayidwe yonse chifukwa cha kuphethira. Ndipo ndi mphatso yaikulu pa ana ndi odwala, amene sungawauze kuti akhale duu mphindi 15.

Koma taonani mphamvu imene ili m'dzanja la wosankha. Iye akhoza kuika malire pa 75, pa 100, kapena pa 150; akhoza kutaya mayankho ochedwa kapena kuwasunga; akhoza kuchotsa munthu wathunthu, nati zolembedwa zake zinali zauve. Mfumu imene imayamba yamva mboni zonse, niona kumene mlandu ukupendekera, kenako nkuyamba kuthamangitsa zimene sizinaikondweretse, ikhoza kugamula mlandu uliwonse monga ifunira, ndipo choopsa nchakuti ikhoza kutero mtima wake uli woyera, ikudziuza kuti ikungochotsa oledzera. Mu 2017 Luck uja ndi mnzake Nicholas Gaspelin analemba nkhani yoonetsa kuti munthu wokhala ndi ufulu wosankha nthawi ndi malo a pamutu ataona kale zotsatira akhoza kupeza kusiyana ngakhale pamene palibe kusiyana konse. Luck, amene amaphunzitsa ku Davis ku California, ali ndi lamulo m'nyumba yake yofufuzira, loikidwa ntchito isanayambe, lakuti munthu wathanzi amene tizidutswa take toposa 25 pa 100 tatayidwa achotsedwe m'kafukufuku, kaya zotsatira zake zikukoma kaya zikuwawa. Nambalayo wina akhoza kuitsutsa, koma mphamvu yake ili pa nthawi imene inaikidwa. Ndipo MNE-Python ili ndi kaundula, wotchedwa drop log, amene amalemba kachidutswa kalikonse kotayidwa pamodzi ndi chifukwa chake, kuti wobwera pambuyo athe kufunsa. Kaundulayu amaululanso chinthu china chobisika: ngati odwala atsala ndi tizidutswa 40 pamene athanzi atsala ndi 90, avereji ya odwala idzakhala ndi phokoso lochuluka, nsonga zake zidzaoneka zazitali chifukwa cha phokosolo, ndipo wina adzatcha nthenda chimene chili kuchepa kwa mboni.

Nditsirize ndi chenjezo la mtundu wina, kuti wina asamve zonsezi nkuganiza kuti chachikulu chilichonse nchoyenera kutaya. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayambitsa ntchito yofufuza malungo a mu ubongo mwa ana, EEG yakhala ikugwiritsidwa ntchito pa ana okomoka, ndipo mwa zina imene imafuna ndi kugwa kwa khunyu kobisika, kumene kumachitika m'kati mwa mutu pamene thupi la mwana lili phee, kapena chikope chokha chikunjenjemera. Kumeneko kulibe liwu loliza ndi kubwereza ka 500, ndipo dokotala saphatikiza kanthu. Amawerenga mzere wonse tsamba ndi tsamba, masekondi khumi kapena kuposerapo pa tsamba. Mafunde a mwana wodwala chotere kawirikawiri amapitirira ma microvolt 100 kutalitali. Munthu atatenga lamulo lija la m'nyumba yofufuzira naliika pa zolembedwa za mwana ameneyo, pulogalamu idzamvera mosazengereza, nitaya masekondi omwewo amene dokotala anali kuwafuna kuti adziwe ngati mwana afunika mankhwala oletsa kugwa usiku umenewo.

WOWULUTSA: Omvera athu, sabata yamawa pa nthawi ngati yomwe ino tidzamva za mmene amayezera makutu a khanda lobadwa kumene lili m'tulo.

[Nyimbo yotsekera]